Carbon monoxide akakwera mu utsi wa galimoto: poyambira kufufuza ndi pothera

Makina oyezera utsi akaonetsa kuti carbon monoxide wakwera, eni galimoto ambiri amathamangira kugula mapulagi atsopano, ndipo amene ali ndi ndalama amagula catalytic converter, chipangizo chotsuka utsi chimene chimakhala pa ekizozi. Mapulagi sathetsa vutoli kawirikawiri. Catalytic converter yatsopano imangolibisa kwa kanthawi, kenako nayonso n'kupsa ngati yakale ija. Carbon monoxide, amene pa makina amalembedwa kuti CO, akachuluka amatanthauza kuti petulo wolowa m'masilinda waposa mpweya woti amuwotche. Ntchito yanu ndi kupeza pamene petulo wowonjezerayo akulowera, kapena chipangizo chimene chikunamiza kompyuta ya galimoto kuti izithira wambiri.

Kuti petulo apse yense, injini imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mu petulo muli carbon, ndipo mu mpweya umene timapuma muli okosijeni wokwana pafupifupi 21 peresenti. Okosijeni akakwana, carbon aliyense amagwirana ndi okosijeni awiri n'kutuluka ngati carbon dioxide. Akaperewera, carbon amangopeza mmodzi, ndiye CO ameneyo. Muyezo wa 14.7 uja amakaniko amautcha lambda 1. Lambda ikatsika, tinene kufika pa 0.90, petulo wachuluka ndipo CO amakwera msanga. Ikapitirira 1, mpweya ndi umene wachuluka.

Zonse zili m'munsimu ndi za injini ya petulo. Ya dizilo imakoka mpweya wochuluka kuposa umene ikufuna, motero CO wake amakhala wochepa; mavuto ake amaonekera ku utsi wakuda, ndipo kufufuza kwake n'kwina.

Musanalize injini

CO alibe mtundu, alibe fungo. Fungo limene mumamva kumbuyo kwa galimoto ndi la petulo wosapsa ndi zinthu zina, koma CO amalowa m'mapapo mwakachetechete. M'magazi amakakamira ku haemoglobin, chinthu chonyamula okosijeni, mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kotero magazi amayenda koma osanyamula mpweya wokwanira. Zimayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo choopsa n'chakuti munthu amasokonezeka maganizo asanazindikire kuti akuyenera kuthawa. Gwirani ntchitoyi panja. Kutsegula chitseko cha galaja sikokwanira ngati injini ilira nthawi yaitali; galaja yokonzedwa bwino imakhala ndi paipi yokokera utsi kunja. Wina akayamba kudandaula mutu pamene injini ikulira, zimitsani, mutulutseni kumphepo, ndipo apite kuchipatala ngakhale atanena kuti wapeza bwino.

Choyamba: yezani injini itatentha

Ambiri amalephera mayeso a utsi chifukwa cha ichi chokha. Injini yozizira imapatsidwa petulo wambiri dala, popeza petulo sasanduka nthunzi msanga m'zitsulo zozizira ndipo wina amangomata m'mbali mwa njira yake. Pa nthawi yomweyo oxygen sensor, sensa yoyeza okosijeni wotsala mu utsi, siyamba kugwira ntchito isanafike pa madigiri pafupifupi 300, ndipo catalytic converter nayo imadikira kutentha kofananako. Mukayeza galimoto imene yangolizidwa, kapena imene yakhala pamzere theka la ola ikulira chiimire, mupeza CO wokwera pa injini yopanda vuto.

Iyendetseni pamsewu kwa mphindi 15 kapena 20 pa liwiro labwino. Mukafika, gwirani injini pa 2500 rpm, kutanthauza kuzungulira maulendo 2500 pa mphindi, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako yezani kawiri: ikulira payokha osaponda moto, ndiponso pa 2500 rpm. Lembani zotsatira zonse ziwiri, muzifuna patsogolo. Onaninso kuti paipi ya ekizozi siyobooka cha kumapeto, chifukwa mpweya wolowera pabowo umasungunula utsi ndipo makina amawerenga zabodza.

Malire a CO amasiyana malinga ndi dziko komanso zaka za galimoto, choncho onani a kumene muli. Kuti mukhale ndi chithunzi: ku Britain, pa mayeso a galimoto otchedwa MOT, galimoto ya petulo yokhala ndi catalytic converter siyenera kupitirira 0.2 peresenti pa 2500 mpaka 3000 rpm, kapena 0.3 peresenti ikulira payokha, ndipo lambda iyenera kukhala pakati pa 0.97 ndi 1.03. Magalimoto akale opanda chipangizochi amaloledwa kufika 3.5 kapena 4.5 peresenti, malinga ndi chaka.

Chachiwiri: werengani manambala onse limodzi

Makina abwino saonetsa CO yekha. Amaonetsanso HC, amene ndi petulo wotuluka osapsa n'komwe, carbon dioxide, ndi okosijeni wotsala. Injini yamakono yabwinobwino imatulutsa carbon dioxide wa 14 kapena 15 peresenti, okosijeni wosakwana theka la peresenti, ndipo CO amakhala pafupi ndi ziro.

CO akakhala 2, 4 kapena 6 peresenti, okosijeni ali pafupi ndi ziro, lambda ili pansi pa 0.97, musakayike: petulo wachulukadi, ndipo catalytic converter isiyeni kaye. CO akangokwera pang'ono, mwina 0.4 mpaka 0.8, pamene lambda ili pa 1 ndendende, muyezo wa petulo uli bwino koma palibe chimene chikutsuka utsi; apa ndiye converter ndi yokayikitsa. HC akakwera kwambiri limodzi ndi okosijeni, CO ali wochepa, ndiye kuti injini ikumisa: silinda ina sikuyaka, ikungotaya petulo ndi mpweya zosapsa. Limenelo ndi vuto la mapulagi, makoilo kapena compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya.

Tsopano yerekezani zotsatira ziwiri zija. Injini ikamalira payokha imakoka mpweya wochepa kwambiri, motero petulo wodontha pang'ono kuchokera kwina amasokoneza muyezo wonse. Mukaponda moto, dontho lomwelo limamira mu mpweya wambiri. Ndiye CO akakhala wokwera pansi koma n'kutsika pa 2500 rpm, funafunani chodontha. Akakhala wokwera ponseponse, ganizirani za sensa yonama kapena pulesha ya petulo. Akamakwera pamene mwaponda moto pokha, yang'anani njira ya mpweya. Kuganiza kumeneku kumapulumutsa tsiku lathunthu lomasula zinthu zosalakwa.

Chachitatu: maso ndi mphuno

Tsegulani boneti, tulutsani fyuluta ya mpweya, muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, sinthani. Yang'ananinso m'bokosi mwake ndi m'paipi yolowera, chifukwa nsanza, pepala la pulasitiki kapena chisa cha khoswe zimapezekamo. Koma musayembekezere zambiri kuchokera apa ngati galimoto yanu ndi ya ma injekita. Kompyuta imayeza mpweya umene walowadi n'kuchepetsa petulo moyenera, kotero fyuluta yakuda imadya mphamvu ya injini kuposa kukweza CO. Pa injini ya kabuleta ndi pamene fyuluta yotsekeka imakhala ngati choki, chija chochepetsa mpweya poliza injini yozizira, chokokedwa tsiku lonse.

Masulani mapulagi onse, muwandandalike monga analiri m'injini. Pulagi yabwino imakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono. Onse akakhala ndi mwaye wakuda wouma, vuto likukhudza injini yonse. Imodzi yokha ikakhala yakuda, mwinanso yonyowa ndi petulo, silinda imeneyo ili ndi injekita yodontha kapena sikuyaka. Wakuda wonyezimira, wamafutamafuta, ndi oyilo, nkhani inanso.

Kenako solani chitsulo choyezera oyilo mununkhize. Oyilo wonunkha petulo, wopyapyala, kapena amene wakwera kuposa pamene munathira, wasakanikirana ndi petulo. Akatentha, petuloyo amasanduka nthunzi n'kubwerera m'injini kudzera pa valavu ya PCV, imene imabweza nthunzi ya kumalo a oyilo kuti ikapse, petulo amene kompyuta sinamuwerengere. Mungayese pochotsa paipi ya PCV kwa kamphindi, kutseka mbali yopita ku manifodi yogawira mpweya m'masilinda, n'kuona ngati CO watsika. Akatsika, sinthani oyilo. Komabe dzifunseni kuti petuloyo analowamo bwanji: galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi yosatentha imachita zimenezi, injekita yodontha imachitanso.

Chachinayi: funsani kompyuta

Magalimoto ogulitsidwa ku United States kuyambira 1996 ali ndi polumikizira pa OBD-II, ndipo ku Ulaya a petulo anayamba kukakamizidwa mu 2001. Nthawi zambiri pamakhala pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala. Kachipangizo kakang'ono kolumikiza ndi foni n'kokwanira pa ntchitoyi.

Makodi okhudza nkhaniyi ndi monga P0172 ndi P0175, onena kuti petulo wachuluka; P0128, yonena kuti injini sikufika pa kutentha koyenera; P0115 mpaka P0118, za sensa ya kutentha kwa madzi; P0133 ndi P0135, za oxygen sensor yochedwa kapena imene hita yake yafa; P0420, ya catalytic converter. Kodi imakuuzani kumene kompyuta ikumva kuwawa, osati chimene muyenera kugula. P0420 pa injini yothira petulo wambiri imakhoza kukhala zotsatira chabe.

Chofunika kuposa makodi ndi fuel trim, ndipo ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi chimene mwini galimoto aliyense aphunzire kuwerenga, ndikanasankha ichi. Ndi nambala yoonetsa kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa pa muyezo umene inapangidwa nawo. Ilipo ya kanthawi kochepa, STFT, ndi ya nthawi yaitali, LTFT. Muziphatikiza ziwirizo. Zikakhala pakati pa 10 peresenti kumwamba ndi 10 kumunsi, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni.

Zikatsika kufika -15 kapena -25, kompyuta ikuona kuti petulo wachuluka ndipo ikuyesetsa kumuchepetsa, koma yafika pamapeto a mphamvu zake. Oxygen sensor ikunena zoona. Petulo akuchokera kumene kompyuta singatseke. Pitani ku pulesha, ma injekita, valavu ya purge yolowetsa nthunzi ya mu thanki, oyilo ndi sensa yoyeza mpweya.

Zikakwera kufika +15 kapena +20 pamene makina akuonetsa CO wambiri, zinthu zatembenuka. Kompyuta ikukhulupirira kuti petulo waperewera ndipo ikuthira yokha wowonjezera. Pali chimene chikuinamiza, ndipo bodzalo likudzera pa oxygen sensor.

Zikangokhala pa ziro osasuntha, onani ngati kompyuta yalowa mu closed loop, kutanthauza kuti yayamba kumvera oxygen sensor. Ikakhalabe mu open loop injini itatentha, ikuthira petulo mongoloweza, ndipo kawirikawiri n'chifukwa chakuti ikuganiza kuti injini idakali yozizira.

Chachisanu: kutentha kwa injini

Injini zambiri zimagwira ntchito madzi ake ali pa madigiri 85 mpaka 100. Themositati ndi imene imatseka madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itafika pamenepo. Ikafera chotsegula, injini imakhala pa 60 kapena 70, makamaka pamsewu wothamanga, ndipo kompyuta imapitiriza kuipatsa petulo wa injini yozizira. Pali amakaniko ena amene galimoto ikawira amachotsa themositati n'kuitaya, amati m'dziko lotentha ilibe ntchito. Ndimatsutsana nawo. Kuwira kumakhala ndi chifukwa chake, kaya ndi rediyeta yotsekeka, fani yakufa kapena pampu ya madzi, ndipo kuchotsa themositati kumangobweretsa vuto lachiwiri: galimoto imayamba kumwa mafuta, oyilo amasungunuka, CO amakwera. Ndinaonapo galimoto imene mwini wake anaigulira masensa awiri ndi mapulagi, vuto osatha, ndipo titamasula chivundikiro cha themositati tinapeza mopanda kanthu.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Lizani injini yozizira, gwirani paipi ya pamwamba yopita ku rediyeta, manja kutali ndi fani. Iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako n'kutentha mwadzidzidzi themositati ikatseguka. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, madzi akudutsa nthawi yake isanakwane.

Injini ingathenso kutentha bwinobwino koma sensa yake n'kumanena zina. M'mawa, galimoto itagona usiku wonse, tembenuzani kiyi osaliza, muwerenge kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa. Ziyenera kufanana kapena kusiyana ndi madigiri ochepa. Mukaona -40, waya waduka kapena pulagi ya sensa yachita dzimbiri. Wokhala ndi multimeter angayeze sensa yokhayo: zambiri zimaonetsa ma ohm 2000 mpaka 3000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika pafupi ndi 300 injini itatentha. Dziwani kuti pa magalimoto ena singano ya padashibodi ili ndi sensa yakeyake, kotero ingaime pakati bwinobwino pamene kompyuta ikuuzidwa kuti kunja kuli chisanu.

Chachisanu ndi chimodzi: oxygen sensor ndi zimene zimainamiza

Sensa imeneyi, imene kampani ya Bosch inapanga ndipo Volvo inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1976, imamangidwa pa ekizozi, converter isanafike. Ya mtundu wakale imatulutsa magetsi a pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt: pansi okosijeni akachuluka mu utsi, pamwamba petulo akachuluka. Pa injini yotentha nambalayi iyenera kumavina osapuma, kukwera ndi kutsika modutsa 0.45. Pondani moto mwadzidzidzi, ilumphe kufika 0.8 kapena 0.9, siyani, igwe pansi. Yokalamba imachedwa kuyankha. Yakufa imangokhala pansi, kompyuta n'kumathira petulo poyembekezera kuti ikwera, osakwera. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi ya mtundu wina, ya wideband, imene simavina chotero. Imeneyo muziiwerenga ngati lambda pa kachipangizo kanu n'kuyerekeza ndi lambda ya makina oyezera utsi. Zikasiyana, wina akunama.

Musanaigule, onetsetsani kuti sikuuzidwa bodza ndi zinthu ziwiri izi. Choyamba ndi bowo pa ekizozi pakati pa injini ndi sensa: manifodi yong'aluka, gasiketi yopsa, boti loduka. Munthu angaganize kuti pabowo utsi umangotuluka, koma utsi umayenda modukizadukiza, ndipo pakati pa kugunda kulikonse mpweya wakunja umayamwidwa. Sensa imaona okosijeni, imanena kuti petulo waperewera, kompyuta imathira. Mvetserani kaphokoso ka tetete injini ikangolizidwa, kamene kamachepa chitsulo chikatentha, ndipo funani mizere ya mwaye m'mbali mwa zolumikizira.

Chachiwiri ndi kumisa kuja. Silinda yosayaka imataya okosijeni wake yense mu ekizozi. Sensa siona petulo wosapsa, imaona okosijeni yekha, choncho kompyuta imawonjezera petulo m'masilinda onse, kuphatikizapo abwino aja, ndipo CO amachokera kwa amenewo. Apa pokha ndi pamene pulagi kapena koilo yatsopano imatsitsa CO. Mukaona makodi a kumisa, P0300 kapena anzake, yambani ndi kumeneko.

Pomanga zinthu zapafupi ndi injini musagwiritse ntchito silikoni wamba. Nthunzi yake imaphimba sensa n'kuipha. Madzi a rediyeta olowa m'silinda ndi oyilo wopsa amachitanso chimodzimodzi.

Chachisanu ndi chiwiri: sensa yoyeza mpweya

Injini zina zili ndi MAF, kawaya kotentha kokhala m'paipi kuseri kwa fyuluta. Kakada, kamawerenga molakwika. Katsukeni ndi mankhwala opangidwira ntchito imeneyo, osakakhudza ndi chala kapena nsalu, kaume, kenako n'kubwezera.

Zina zili ndi MAP, imene imayeza pulesha mu manifodi. Kiyi ili yotembenuzidwa injini isanalire, imaonetsa pafupi ndi 100 kPa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumapiri imachepera apo. Injini ikamalira payokha imatsika kufika pa 30 kapena 40. Kapaipi kake kakang'aluka, nambalayi imakhala pamwamba, kompyuta imaganiza kuti mukukwera chitunda ndi katundu, ndipo imathira petulo wa chitunda galimoto ili chiimire. Kapaipi kotalika ngati chala kamatha kutulutsa utsi wakuda. Mavalavu osatseka bwino kapena lamba wa timing wolumpha dzino amachititsanso zomwezo pa injini za MAP, popeza injini imalephera kuyamwa mwamphamvu; ngati zonse zaoneka bwino koma nambala ikadali pamwamba, yezani compression ndi timing.

Chachisanu ndi chitatu: kumene petulo amadontha

Kompyuta imawerengera petulo ndi nthawi imene injekita yatseguka, poganiza kuti pulesha ili pamuyezo. Pa injini zambiri zothira petulo mu manifodi muyezowo uli pafupi ndi 3 bar, koma nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Pulesha ikakwera, nthawi yomweyo imatulutsa petulo wambiri. Mangani geji muyeze. Yokwera imachokera ku regulator, chipangizo chosunga pulesha pamuyezo, yomata kapena paipi yobwezera petulo ku thanki imene yapindika. Ngati regulator yanu ili ndi kapaipi kopita ku manifodi, kazuleni injini itazima: mukhale mouma. Mukapeza petulo, kachikopa ka m'kati kabooka ndipo injini ikuyamwa petulo mwachindunji.

Zimitsani injini geji ili pomwepo. Pulesha iyenera kukhalitsa. Ikagwa msanga, ndipo galimoto imavuta kulira ikakhala yotentha, n'kutulutsa utsi wakuda ikangolira, injekita ina ikudontha. Pulagi yakuda ija ikuuzani kuti ndi iti. Valavu ya mu pampu ikafooka imagwetsanso pulesha, koma imeneyo sidetsa pulagi. Ma injekita amatsukidwa ndi kuyezedwa pa makina ake. Pa galimoto imene inasinthidwa injini, onetsetsani kuti ma injekita ndi kompyuta ndi za injini imodzi. Zimatha kukwanirana pomanga koma kusiyana kathiridwe. Injini za direct injection, zothira petulo m'silinda mwenimweni, musazimasule mapaipi mwachisawawa, pulesha yake imapitirira 100 bar ndipo petulo wotero amaboola khungu. Pa ntchito yonseyi pasakhale fodya kapena moto pafupi.

Chotsala ndi valavu ya purge. Nthunzi ya petulo ya mu thanki imasungidwa m'kabokosi ka makala, ndipo kompyuta imatsegula valavuyi nthawi zina kuti nthunziyo ikapse m'injini. Ikafera chotsegula, injini imayamwa nthunzi nthawi zonse. Chizindikiro chake ndi galimoto yovuta kulira mukangothira petulo. Finyani paipi yake ndi pulayazi yosaluma, muone ngati fuel trim ikubwerera chakumwamba. Chizolowezi chodzaza thanki mpaka pakhosi, pampu itadula kale, chimanyowetsa makala aja ndi petulo wamadzi.

Ngati yanu ndi ya kabuleta

Mulibe kompyuta yoti inamizidwe, kotero zonse zili m'manja mwanu. Injini itatentha, chotsani chivundikiro cha fyuluta muone choki: kachitseko kake kayime chilili, kotseguka konse. Kakatsamira ngakhale pang'ono, konzani chingwe kapena chotenthetsera chake musanakhudze china chilichonse. Kenako float, choyandama chimene chimatseka petulo akadzaza m'kabakuli ka kabuleta. Ikabooka n'kulowa petulo imamira, ndipo singano yake ikatha kapena ikagwira kachitsotso siitseka; petulo amakwera m'kabakuli n'kusefukira m'khosi mwa kabuleta. Mukasuzumira ndi tochi injini ikulira payokha, simuyenera kuona petulo akudontha kuchokera pakati. Igwedezeni float pafupi ndi khutu, ndipo kutalika kwake muyeze ndi rula motsatira buku. Timabowo ta mpweya tikatsekeka, kapena majeti akakulitsidwa ndi waya potsuka, petulo amachulukanso. Majeti amauziridwa ndi mpweya, sabayidwa.

Sikuluu ya mixture ndi yomalizira, ndipo imalamulira injini ikamalira payokha basi. Muitembenuze pang'onopang'ono, kota imodzi, n'kudikira kuti makina ayankhe. Pa makabuleta ambiri kumanga kumachepetsa petulo, koma pa ena sikuluuyo ndi ya mpweya ndipo zimatembenuka. CO akamatsika HC n'kuyamba kukwera, injini ikunjenjemera, mwapitirira, bwererani pang'ono. Kabuleta yotcheredwa kuchigwa imathira petulo wambiri ikakwera kumapiri, chifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo galimoto yosamukira kumeneko imafuna kutcheredwanso.

Pomaliza penipeni: catalytic converter

Chipangizochi chinayamba kufala ku United States mu 1975, ndipo ku Ulaya malamulo a Euro 1 a 1992 anachititsa kuti chikhale pa galimoto iliyonse yatsopano ya petulo. M'kati mwake muli chinthu chonga chisa cha njuchi chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Ziwiri zoyambazo zimathandiza CO kugwira okosijeni wachiwiri uja n'kukhala carbon dioxide. Ndiye taonani: kuti zimenezo zitheke, mu utsi muyenera kukhala okosijeni wotsala. Injini yothira petulo wambiri siisiya okosijeni, motero converter yabwinobwino imaoneka ngati yakufa. N'chifukwa chake singaweruzidwe mpaka lambda itabwerera pa 1.

Lambda ili pa 1, fuel trim ili bwino, injini sikumisa, koma CO akadali pamwamba pa malire: tsopano iyeseni. Yang'anani sensa yachiwiri, ya kuseri kwa converter, injini ili pa 2500 rpm. Iyenera kukhala yodekha, kawirikawiri cha pa 0.6 kapena 0.7 volt. Ikamavina ngati yoyamba, converter yasiya ntchito. Itazizira, igogodeni ndi chibakera kapena nyundo ya labala. Ikamalira ngati muli timiyala, chisa chija chaphwanyika. Pa galimoto yogula kwa wina, suzumiranimo ndithu, chifukwa chigoba chimatha kukhalapo m'kati mutakolowoledwa kale.

Converter siifa yokha kawirikawiri. Imasungunuka ndi petulo wosapsa amene amakayakira m'kati mwake, imaphimbidwa ndi oyilo kapena madzi a rediyeta, imasweka ikagunda mwala. Petulo wa mtovu ankaiphanso, koma ameneyo anatha m'misewu ya dziko lonse mu 2021, Algeria itamaliza wake. Pezani chimene chinapha yakaleyo musanamange yatsopano.

Mukamaliza kukonza, sinthani oyilo ngati injini yakhala ikuthira petulo wambiri kwa nthawi, ndipo mapulagi odzaza mwaye muwatsuke kapena kuwasintha. Fufutani makodi pamodzi ndi fuel trim yakale, apo ayi kompyuta ipitiriza kukonza vuto limene kulibenso. Yendetsani galimoto makilomita angapo pamsewu wothamanga kuti mwaye wa mu ekizozi upse, kenako yezaninso kawiri monga poyamba paja, ikulira payokha ndi pa 2500 rpm, n'kuyerekeza ndi manambala amene munalemba.